Kusunga zithunzi zakale ndi mbiri ya nyumba ya makolo kuno ku Mulanje ndi Thyolo

Kuno kumunsi kwa phiri pepala silikhalitsa. Mvula ikayamba mu Novembala imakafika mu Epulo, ndipo makoma asanaume bwino chiperoni chimabwera mu Juni ndi Julayi n'kunyowetsa ngakhale zovala za m'sutikesi. Zithunzi za agogo zimachita chuku, zimamatana, zina chiswe chimadya pakati n'kusiya m'mbali mokha. Komabe chimene chimatha msanga kuposa pepalalo ndi anthu amene angakuuzeni kuti pa chithunzipo pali ndani. N'chifukwa chake ntchitoyi ndaiyala motere: muyambe ndi anthu, kenako mapepala, nyumba ndi malo zibwere pambuyo.

Choyamba, pemphani

Zithunzi za pamudzi si za amene wabwera ndi foni yabwino kuchokera ku Blantyre. Zili ndi eni ake. Kawirikawiri amazisunga ndi agogo aakazi kapena mwana wawo wamkazi amene anatsala pakhomo, ndipo nkhani iliyonse yokhudza katundu wa pamudzi imadzera kwa mwini mbumba. Pitani kwa amalume mukanene bwinobwino: "Amalume, ndimati tione zithunzi za kunyumba kwa agogo, ndizijambule pa foni kuti aliyense akhale nazo. Sindichotsapo ngakhale chimodzi pakhomo pano." Mawu omalizawa musawaiwale. Mabanja ambiri anataya chithunzi chabwino kwambiri cha malemu pa tsiku la maliro awo: wina anachitenga kuti akachikulitse chikaikidwe pa bokosi, ndipo sichinabwererenso. Akuluakulu amakumbukira zimenezi, ndiye akamazengereza musadabwe.

Sutikesi musatsegule nokha. Mumakhala zambiri zimene si zanu kuona.

Nthawi yabwino ndi Seputembala ndi Okutobala, mpweya utauma. Ndi nyengo yomweyo imene anthu amamanga ziliza ndi kuchititsa maukwati, enanso amabwera kudzakhala nawo pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde, ndiye achibale a kutali amapezeka pamudzi. Pa maliro ayi, si nthawi yake.

Konzani kope latsopano, pensulo yofewa ya 2B, maenvelopu, mapepala oyera osalembapo, nsalu yochapa bwino yoyala pa mkeka, ndi foni yodzaza moto. Sambani m'manja, muumitse, musadzole mafuta. Chithunzi chigwireni m'mphepete. Khalani pakhonde pamene dzuwa silikufika.

Chachiwiri, mayina

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo musathamange. Chithunzi chilichonse chipatseni nambala. Ilembeni ndi pensulo kumbuyo, pakona, mosadinikiza, chithunzicho chitagona pa chinthu cholimba. Zithunzi zina za mitundu zili ndi kumbuyo koterera kumene pensulo siigwira. Zimenezo ziikeni mu envelopu ndipo nambala ilembedwe pa envelopuyo. Bolopeni musayerekeze: inki imalowerera n'kudzaonekera kumaso, komanso imadinda chithunzi chimene chagona pansi pake. Nkhani yonse ipite m'kope, pansi pa nambala yomweyo.

Yatsani chojambulira mawu pa foni, muwauze agogo kuti mukujambula, ndipo musanawapatse chithunzi tchulani nambala yake mokweza kuti podzamvetsera musadzasokonezeke. Apatseni chimodzi chimodzi. Mukawapatsa mulu wonse amangosanthula kufuna nkhope imene aisowa, zinazo n'kuzidumpha. Khumi kapena khumi ndi zisanu pa tsiku zakwana. Munthu wamkulu amatopa, ndipo akatopa amangovomera chilichonse chimene mwanena.

Musafunse kuti "Awa si agogo aamuna?" chifukwa mwawapatsa kale yankho. Funsani kuti "Agogo, awa ndani?" Akatchula, pitirizani: inu munkawaitana kuti chiyani, anabadwa kwa yani, anakwatira kapena kukwatiwa mudzi uti, anaikidwa kuti. Kumbukirani kuti munthu mmodzi wakale ankakhala ndi mayina angapo. Pali la paubwana, la kuchinamwali, la ubatizo, lina limene analembetsa kwa kapitawo ku esiteti kapena ku migodi, ndiye pali loitanira ngati Nambewe, Naphiri kapena make uje. Lembani onse, apo ayi mdzukulu wa mawa adzayesa anthu atatu pamene ndi munthu mmodzi. Ngati banja lanu ndi la Chilhomwe funsaninso kuti ndinu a mbali iti, Amihavani, Amanyawa, Amaratha, Akokhola kapena ena, ndiponso makolo anaolokera pati pochokera ku Mozambique. Ambiri analowa m'dziko muno chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 n'kukhala pa malo a azungu pansi pa thangata, ndipo agogo ena akadakumbukira dzina la phiri kapena mtsinje umene makolo awo ankatchula. Zimenezi sizili m'buku lililonse la boma.

Tsiku lina kafunseni munthu wina wamkulu payekha, makamaka wa kuchimuna, monga azakhali. Akasiyana mayankho musaweruze. Lembani zonse ziwiri ndi dzina la amene wanena. Ndaona kuti amayi achikulire amadziwa bwino ubale, pamene abambo amakumbukira malo, ntchito ndi zaka.

Padzapezeka chithunzi chimene agogo adzangochiyang'ana n'kuchitembenuza. Mwina ndi mkazi wachiwiri, mwana wa kunjira, kapena munthu amene anapita ku Joni osabwerako. Chisiyeni, lembani nambala yokha. Musachitaye, musaching'ambe pofuna kusangalatsa munthu, ndipo musachiike pa Facebook kuti anthu akuuzeni.

Chachitatu, chaka

Agogo sanganene kuti 1968, koma anganene kuti "apa n'kuti ndili ndi pakati pa mayi ako," kapena "chinali chaka chimene tinafolera malata." Lembani momwemo, chaka mudzachipeza pa khadi ya ubatizo, pa mtchatho kapena pa khadi ya kusikelo.

Chithunzicho nachonso chimalankhula. Tembenuzani muone chidindo cha situdiyo. Pakalembedwa Nyasaland ndiye kuti n'chakale kuposa 6 Julayi 1964 kapena chapafupi pomwepo. Kalembedwe ka Mlanje ndi Cholo nakonso n'ka nthawi ya atsamunda ndi zaka zoyambirira za ufulu. Mtengo ukalembedwa m'mashereni, chinajambulidwa kwacha isanabwere mu 1971. Bambo wa yunifolomu ya asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la atsamunda) akhoza kukhala wa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, imene ena a kwathu anakamenyera ku Burma. Mnyamata wa chipewa, wotchi ndi wailesi m'manja, ataima pambali pa njinga yatsopano, kawirikawiri ndi wobwera ku migodi. Kamuzu anaimitsa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni, mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ngakhale pambuyo pake ena anapitabe kudzera ku Theba, bungwe limene linalowa m'malo mwake, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Baji ya Kamuzu pa jekete ndi nsalu ya mbumba zimaloza zaka za chipani chimodzi. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala buluku ndi masiketi aafupi mpaka 1993, choncho mayi wa buluku atajambulitsa pa msika wa Chitakale kapena Luchenza kawirikawiri ndi wa nthawi ya matipate. Zithunzi zambiri za m'ma 1990 zili ndi deti la manambala ofiirira pakona, koma musalikhulupirire kwambiri, chifukwa ojambula ena sankakonza deti la kamera akasintha mabatire.

Onaninso kumbuyo kwa anthuwo. Nyumba ili ndi udzu kapena malata? Mtengo wa mapeyala uja unali wamtali bwanji? Ku Thyolo zithunzi zambiri zakale zili ndi nthochi zowirira kuseri kwa nyumba, pamalo pamene lero pali mbee chifukwa cha matenda a chisaka. Zoterezi zidzakuthandizani tikafika pa nkhani ya malo.

Mukalephera kupeza chaka chenicheni lembani kuti "pakati pa 1975 ndi 1980." Musapeke.

Chachinayi, jambulani

Pukutani diso la kamera ya foni. Gonekani chithunzi pa nsalu yosawala, pamthunzi koma powala, m'mawa kapena chakumadzulo. Zimitsani fulashi. Foni ikhale pamwamba penipeni, molunjika, osapendama, ndipo chithunzi chidzaze sikirini koma m'mphepete monse muoneke. Tsamiritsani zigongono pa mpando kuti manja asanjenjemere. Jambulani kumaso, kenako kumbuyo, ngakhale kukhale nambala yanu yokha. Cha mu fulemu chijambuleni muli chapambali pang'ono ndi kumene kuwala kukuchokera, ndipo muvale malaya akuda kuti musaonekere m'galasi.

Ngati banja lavomera kuti zina zipite pa sikana ku boma kapena ku Limbe, mupite nazo nokha ndi kubwera nazo tsiku lomwelo. Uzani wa pamakinayo kuti aike pa 600 dpi (muyeso wa kaonekedwe ka chithunzi pa sikana), ndipo azigoneke pa galasi, asazilowetse m'makina okoka mapepala. Mukapeza manegetivu, timafilimu tofiirira tija timene ojambula ankabweza mu envelopu, musataye. Nthawi zambiri amatulutsa chithunzi chabwino kuposa chopepala chimene chafwifwa.

Mapulogalamu a pa foni amene amati amakonza nkhope zakale ndi kuthira mitundu, ine sindiwakhulupirira. Amapeka maso ndi mano amene munthuyo analibe, ndipo agogo amatuluka ngati mlendo. Sewerani nawo ngati mukufuna, koma chenicheni chisungidwe padera chosakhudzidwa.

Potumizirana pa WhatsApp, tumizani ngati document, chifukwa njira yamasiku onse imachepetsa chithunzi ndipo podzachitsukitsa chimatuluka chosaoneka bwino. Musadalire foni imodzi kapena memori khadi imodzi. Zikhale malo atatu: pa fulashi kapena kompyuta, pa intaneti, ndi kwa m'bale amene amakhala boma lina. Akaunti ya Google imapereka 15 GB kwaulere, yokwanira zithunzi za banja lonse, koma pasiwedi adziwe anthu awiri. Masamba a kope lija nawonso ajambuleni, pamodzi ndi mawu a agogo. Kenako sankhani zofunika kwambiri mukatsukitse, mugawire nyumba iliyonse ya mbumba.

Chachisanu, kasungidwe

Lamineti ndiye mdani wamkulu amene amabwera ngati bwenzi. Anthu amaganiza kuti akamata pulasitiki ndiye kuti ateteza, koma makina aja amatentha, guluu wake amalowa m'chithunzi, ndipo simungadzachotsenso. Chinyezi chikalowera m'mbali chimatsekeredwa momwemo. Matani chotsukitsa, osati chenicheni. Selotepi, guluu, mapini, sitepula ndi timalabala tomangira nazonso zichotseni pa ntchitoyi: zina zimachita dzimbiri, zina zimasungunuka n'kusiya banga. Chong'ambika chiikeni mu envelopu yakeyake ndi zidutswa zake zonse. Maalubamu aja a masamba omata okhala ndi pulasitiki pamwamba amasandutsa zithunzi chikasu. Chimene chikuchoka mosavuta chichotseni, chimene chakakamira chisiyeni.

Pakati pa chithunzi ndi chinzake ikani pepala loyera, osati nyuzipepala. Ziikeni m'maenvelopu khumikhumi, maenvelopuwo alowe m'ndowa yapulasitiki yatsopano ya chivindikiro chothina. Koma samalani: ndowa yotseka bwino imasunga mpweya umene mwautsekeramo. Mukatseka tsiku la chiperoni mwasunga chinyezi. Tsekani masana a tsiku louma, ndipo muponyemo timapaketi ta silika tija timene timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi m'mabotolo a mankhwala, tisakhudzane ndi zithunzi. Timabokosi ta mkungudza timene amagulitsa ku Likhubula ndi tokongola ndipo tizilombo timadana ndi fungo lake, koma mafuta a mtengowo si abwino ku zithunzi, sungiranimo zina.

Ndowayo isakhale pansi, isatsamire khoma lakunja, isakhale m'mwamba pafupi ndi malata kumene kumatentha masana n'kudontha usiku, ndipo italikirane ndi utsi wa kukhitchini. Pa shelefu ya chipinda cha mkati ndiye pabwino. Muzitsegula kawiri pa chaka, mvula ikatha ndi isanayambe, muone ngati mulibe chuku, mphemvu kapena njenjete. Chimene chachita chuku chipatuleni, chiume pamthunzi, kenako muchipukute pang'onopang'ono ndi thonje louma muli panja.

Za pakhoma pabalaza zija, za ukwati ndi za omaliza maphunziro, zimafwifwa ndi kuwala, ndipo khoma lonyowa limazidya kuchokera kumbuyo. Pachikani zotsukitsa, zenizeni zilowe m'ndowa. Chimene chamatirira ku galasi musachikoke, nkhope idzatsalira pagalasipo. Chijambuleni momwemo n'kuchisunga ndi galasi lake.

Madzi akalowa

Amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kapena akuluakulu amene akukumbukira napolo wa ku Phalombe mu 1991, safunika kuuzidwa kuti madzi sapereka nthawi. Ndowa ija ikhale pamalo amene aliyense wa m'nyumba akudziwa, yoti munthu mmodzi angainyamule. Zithunzi zikanyowa, chuku chimayamba pakangopita masiku awiri. Za matope zitsukuluzeni m'madzi oyera ozizira popanda kupukuta kumaso. Zomatana zilekanitseni zili m'madzi momwemo, mosakakamiza. Ziyaleni chagada pa nsalu, pamthunzi podutsa mphepo, chilichonse pachokha. Padzuwa ayi, pamoto ayi, simbi ayi. Zikapindika zidzawongoka pansi pa mabuku zikauma. Zosindikiza pa printa ya inki zimasungunuka m'madzi, choncho zimenezo musaziviike.

Chachisanu ndi chimodzi, nyumba ndi malire

Tsopano tulukani panja. Jambulani nyumba mbali zonse zinayi, khonde, zitseko, mawindo, mitengo ya kudenga, nkhokwe, khola, chitsime. Funsani amene anaumba njerwa, amene anagula malata ndi ndalama zochokera kuti, mmisiri anali ndani. Nyumba zina zakale za kuno zili ndi zitseko ndi mafulemu a mkungudza amene chiswe chinalephera. Mtengowu unatsala pang'ono kutheratu paphiri, ndiye mukamagwetsa nyumba yakale kuti mumange yatsopano, musawazire nkhuni. Tengani chithunzi chakale chimene chikuonetsa nyumba, imani pamene wojambula anaima, mujambulenso lero ndi anthu amene alipo.

Kenako yendani m'malire, koma musayende nokha. Pakhale mwini mbumba, oyandikana nawo mbali iliyonse, ndipo ngati n'kotheka anyakwawa kapena nthumwi yawo. Pa chizindikiro chilichonse, kaya ndi mtengo wa mango, mzere wa nkhadze, khonje, nsungwi, mwala kapena ngalande, jambulani anthuwo ataima pomwepo. Lembani m'kope tsiku ndi mayina a onse amene analipo. Musaiwale dimba ndi njira yopita kumanda. Maboma a Mulanje ndi Thyolo ali ndi anthu pafupifupi 700,000 lililonse malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa tiyi, choncho mzere umodzi wa chinangwa umatha kufikitsa abale kubwalo la amfumu. Chithunzi si chikalata cha umwini wa malo, koma chimathandiza pamene mboni zonse zapita ndipo mtengo wa m'malire wadulidwa. Mukajambula malire mobisa, oyandikana nawo adzati mukukonzekera mlandu, ndipo mudzakhala mwauyambitsa nokha.

Chachisanu ndi chiwiri, mapepala a nyumba

Kwathu kuno malo amatsata mbumba, ndipo mwamuna amakamanga kwa mkazi. Vuto limabwera mkamwini akamwalira atamanga nyumba ya njerwa zootcha ndi malata pa malo a kuchikazi: achibale ake amati thukuta ndi la m'bale wathu, akuchikazi amati nthaka ndi yathu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo munthu akamwalira osasiya wilo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Komabe lamulo limagwira bwino pamene pali umboni. Sonkhanitsani malisiti a malata ndi simenti, makalata a kwa amfumu, mtchatho, ziphaso za imfa, zonse muzijambule monga munachitira zithunzi, zilowe mu envelopu yawoyawo m'ndowa ija.

Ngati makolo ali moyo, alimbikitseni alembe wilo. Ambiri amaopa kuti n'kudziitanira imfa, ndiye nkhaniyi ayambitse ndi amalume kapena munthu wa kumpingo amene amamumvera, osati mwana amene akuoneka kuti ali ndi diso pa nyumbayo. Wilo ikhale yolembedwa, mwini wake asainire pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mbonizo zisakhale anthu amene akulandirapo kanthu. Za kulembetsa malo a makolo pansi pa lamulo la 2016, kafunseni ku ofesi ya za malo kwa DC, ndipo banja likambirane kaye kuti palembedwa mayina a yani. Malo a mbumba yonse akalembedwa m'dzina la munthu mmodzi chifukwa choti ndiye wophunzira, ana ake adzawayesa a bambo awo.

Amene mukufuna kukumba mbiri kupitirira pamene agogo alekezera, yambani ndi mabuku a ubatizo ndi maukwati a ku mpingo wanu. Mamishoni akale ngati Mulanje Mission ndi Malamulo akhalapo zaka zoposa zana. Ku Zomba kuli National Archives, ndipo ku Mandala House ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi imene ili ndi zithunzi zakale za dziko lino.

Pomaliza, wosunga

Banja lisankhe munthu mmodzi pamaso pa onse, ndipo zilembedwe m'kope. Maganizo anga ndi akuti zenizeni zikhale pamudzi, kwa mayi amene akukhala m'nyumba ya makolo, pokhapokha ngati nyumbayo ikudontha kapena ili m'njira ya madzi. Ana a amalume, amene mwa mwambo kwawo ndi kwa amayi awo, apatsidwe zotsukitsa zonse popanda kuwamana, chifukwa nkhope zili pamenepo ndi za agogo awonso. Sankhaninso wachiwiri wachinyamata amene akudziwa za foni ndi pasiwedi, kuti azithandizana ndi wosungayo.

Tsamba lomaliza la kope likhale la obwereka: nambala ya chithunzi, dzina la wotenga, tsiku lotenga, tsiku lobweza. Pakagwa maliro ndipo anthu akufuna chithunzi cha pa bokosi, wachinyamata uja atumize cha pa foni kwa wotsukitsa, ndowa isatsegulidwe.